Amayi, Mkamwini Wawo ndi Mzere wa Gule

Takondwa, izi ndalembera iwe, ndipo ndalemba m'Chichewa dala. Panopa uli ndi zaka zitatu, ndikakufunsa kuti wadzuka bwanji umandiyankha m'Chingerezi chotulukira m'mphuno. Ndiye ukadzakula udzavutike nazo pang'ono. Chifukwa cholembera ndi chimodzi. Pa vidiyo ya ukwati wa makolo ako pali malo amene ine malume ako ndikutaya maiki, kudumpha pa nsanja n'kukankha bambo ako. Mlendo aliyense wobwera kwanu amaonetsedwa malo amenewo, amaseka, kenako amayi ako amati, "Ndi mmene alili Yamikani." Palibe anandifunsapo mbali yanga. Ntchito yoitanira gule ndinaisiya ndisanakwanitse zaka makumi atatu. Ena amapuma ntchito ali ndi imvi, atadulirwa keke. Ine ndinapuma ndi bokosi la nsapato lodzaza makadi. Za ubwana wanga ku Dedza usayembekezere kumva pano. Ndinali mwana, ndinakula, basi.

Chaka chimene ndinasiya sukulu

Ndinabwera ku Perth kudzaphunzira za migodi, motsatira achemwali anga a Chisomo, amayi ako, amene anatsogola kudzaphunzira unamwino. Ndinakhala m'kalasi zaka ziwiri. Masamu a chaka chachiwiri ndinalephera kawiri, ndipo ulendo wachitatu ndinatuluka m'chipinda cha mayeso patangotha theka la ola, n'kukakwera sitima osadziwa kumene ndikupita. Amayi anga, agogo akowo, anamva nkhaniyi pa foni. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zitatha kalekale. Anangosiya kutchula dzina langa. Lamlungu lililonse akamayankhula ndi achemwali, ine nditakhala pa mpando womwewo, ankafunsa kuti, "Nanga ujayo akudya?" Kwa zaka zisanu dzina langa linali ujayo.

Ndinapeza ntchito ku Malaga, dera lina la mu Perth momwemo, m'nyumba yosungiramo katundu wa m'magolosale, yoyendetsa folokolifiti, kagalimoto konyamulira katundu. Ndi ntchito imene ndikugwirabe lero, ndipo ilibe nkhani. Loweruka lina masana ananditumiza kukasiya makatoni a zakumwa pa kaholo kena cha ku Northbridge. Nditatula katunduyo, mayi wina wamfupi wa tsitsi loyera anandigwira pa mkono ngati ndaba.

"Wamtali iwe, tikuperewera munthu mmodzi. Ima apa."

"Ndili pa ntchito, mayi."

"Ndi mphindi khumi. Ukudziwa kuyenda?"

"Ndabwera choyenda."

"Ndiye ukudziwa kuvina. Ima apa."

Amenewo anali a Bev, amene anakhala bwana wanga kwa zaka zinayi. Anali mphunzitsi wa masamu wopuma ntchito. Ndinathawa masamu ku yunivesite n'kukagwa m'manja mwa mphunzitsi wa masamu, ndipo usaganize kuti ndinaona choseketsa.

Gule wake amatchedwa kontra. Anthu amaima awiriawiri, n'kupanga mzere wautali kuchokera ku nsanja mpaka kukhomo. Awiri amenewo timawatcha banja, ngakhale atakhala kuti akumana tsiku lomwelo. Theka la mabanjawo limayenda chotsika, theka lina chokwera. Nyimbo ikazungulira kamodzi, umene timati ulendo umodzi, mumavina ndi banja limene mwakumana nalo, kenako mumadutsana n'kukumana ndi lina. Mukafika kumapeto kwa mzere mumadikira ulendo umodzi, n'kutembenuka kubwerera kumene mwachokera. Palibe amene amaloweza kanthu. Pa nsanja pamaima munthu ndi maiki, wonena chochita: gwiranani manja, zungulirani, dutsanani. Ameneyo ndiye woitanira. Tsiku limenelo ndinavina moipa, koma ndinaona chinthu chimodzi. Mayi wamfupiyo akanena mawu atatu, anthu makumi anayi ankatembenuka nthawi imodzi. Ine panthawiyo ngakhale galu wa eni nyumba sankandimvera.

Zaka za pansi pa a Bev

Ankafuna ndiziwatchula kuti Bev basi. Sindinathe. Munthu wamkulu kuposa amayi anga sindingamutchule ngati mnzanga wa mpira, ndiye ndinkati a Bev, iwo n'kumaganiza kuti ndili ndi chibwibwi. Anali ndi malamulo atatu, ndipo ankawabwereza ngati katekisimu. Loyamba: nena chochita anthu asanafike pochichita, chifukwa mawu obwera pa nthawi yake achedwa kale. Lachiwiri: woitanira sachoka pa maiki, ngakhale denga ligwe. Lachitatu: aliyense avine ndi aliyense. Lachitatuli ankalinena atatseka maso, ngati pemphero.

Chilichonse chinkaperewera pa gulu lija. Amuna ankaperewera, moti azimayi ena ankavina mbali ya amuna atavala tayi kuti adziwike. Achinyamata kunalibe, kupatula ine. Zokupizira mphepo zinali ziwiri, chimodzi chongolira osazungulira. Wa vayolini anali ndi khutu limodzi lakufa, ndipo nthawi zonse ankakhala khutu lakufalo litaloza kwa ine. Chimene sichinkaperewera ndi madandaulo. Nditayamba kuitanira, anthu ankauza a Bev kuti mnyamatayu samwetulira, kuti amaitanira ngati akutulutsa anthu m'nyumba yoyaka. A Bev anandiitana pambali.

"Yamikani, anthu amabwera kudzasangalala."

"Ndiwauza kumanzere, apita kumanja. Ndisekere chiyani?"

"Akalakwitsa, walakwitsa ndiwe. Sunanene bwino."

"Ndanena katatu."

"Ndiye walakwitsa katatu."

Chaka chachiwiri anandipatsa gawo limene aliyense ankalikana, la pambuyo pa tiyi, mawondo a anthu atatopa. Pa gawo limenelo tinkavina kontra pa nyimbo ya woltsi. Nyimbo za kontra wamba zimayenda ziwiriziwiri ngati kuguba, ndipo phazi limadziwa lokha. Woltsi imayenda zitatuzitatu, modekha: chachikulu chimodzi, zing'onozing'ono ziwiri. Anthu amaganiza kuti chodekha ndi chophweka. Ndi bodza. Pa nyimbo yothamanga munthu akalakwitsa sizioneka, chifukwa onse ali pa liwiro. Pa woltsi aliyense ali ndi nthawi yokwanira yoona kuti wasokoneza ndani. Amafika msanga, amaima ngati akudikira basi, kenako amayang'ana woitanira ngati iye ndiye wachedwa. Mawu akonso ayenera kukwana m'zitatu, apo ayi umapunthwitsa holo yonse ndi lilime lako.

Magule a woltsi amene a Bev anali nawo m'makadi awo anali ochepa, ndiye ndinayamba kupeka anga. Pa nthawi ya nkhomaliro ku Malaga ndinkakhala pa thabwa lonyamulira katundu ndi zitsekerero za mabotolo, n'kumaziyendetsa ngati anthu, uku ndikuwerenga chamumtima. Anzanga a pa ntchito ankaganiza kuti ndikusewera bawo ndekha. Gule akayenda bwino pa zitsekerero ndinkamulemba pa khadi, n'kukamuyesa pa anthu Loweruka. Zitsekerero zinkachita bwino kuposa anthu nthawi zonse. Komabe pofika chaka chachinayi, anthu ena ankabwera chifukwa cha gawo la pambuyo pa tiyi. A Bev sananene kuti ndachita bwino. Anangonena kuti mawondo awo atha, kuti chaka chikamatha asiya, ndipo gule wamkulu wa mwezi ndi mwezi adzamusiyira mmodzi mwa awiri: ine, kapena Graham, dokotala wa mano amene ankamwetulira ngati chikwangwani cha ntchito yake.

Chaka cha ukwati

Achemwali anandipeza m'khitchini ndikudya choimirira.

"Ndikufuna gule wako uja pa risepushoni."

"Wanga uti?"

"Wa azungu okalamba uja. Wodekha uja. Aliyense amangobweretsa dijeyi ndi perekaniperekani. Ine ndikufuna china."

"Achemwali, anthu anu sabwera pa nthawi, samvera, ndipo akamva nyimbo yodekha amayamba kufunafuna mbale ya chopereka."

"Amayi akubwera," anatero. "Adzaone okha chimene umachita ndi moyo wako. Ine ndatopa kuwafotokozera."

Pamenepo ndinavomera. Ndikuuze mosabisa: zopambana Graham n'kutenga gule wa mwezi ndi mwezi ndinkazifuna, koma zinali zazing'ono. Ndinkafuna amayi aone anthu makumi atatu akutembenuka chifukwa ujayo wanena.

Patatha sabata, bambo ako, alamu anga a Kondwani, anabwera ku Malaga pa nkhomaliro. Anali akumaliza kafukufuku wawo wa za nthaka, munthu wophunzira mpaka kumapeto, koma anaima patsogolo panga akupotokola chipewa ngati mwana woti waswa kapu.

"Alamu, ndamva kuti pa gule wanuyu munthu amagwirana ndi aliyense."

"Eya."

"Aliyense?"

"Aliyense amene mwakumana naye pa mzere."

"Ndi apongozi omwe?"

Ndinasiya kutafuna. Kunena zoona, sindinaganizeko. Zaka zinayi za lamulo lachitatu zinali zitandiiwalitsa kwathu. Iwe wabadwira kuno, ndiye ndikufotokozere. Kwathu mkamwini ndi amayi a mkazi wake amapewana. Sakhala pa mphasa imodzi, sayang'anana m'maso, ndipo za kugwirana ndiye usatchule. Si udani, ndi ulemu.

"Alamu," anapitiriza, "ine apongozi akakhala pa foni ya vidiyo ndimayang'ana pansi. Inu mukufuna ndiwagwire m'chiuno pamaso pa mpingo wonse?"

"Ndiye musavine."

"Mkwati asavine pa ukwati wake?"

"Ndiye amayi akhale pansi."

"Mukawauze ndinu."

Sindinawauze ine. Ndinatuma achemwali, ndipo yankho linabwera tsiku lomwelo: "Ndikwere ndege zitatu kuti ndikakhale pa mpando?" Njira yophweka ikanakhala kupanga mizere iwiri, amayi uku, alamu uko. Koma holo ya mpingo imene anabwereka inali yopapatiza ngati khonde la chipatala. Munkakwana mzere umodzi basi.

Ndinabwerera ku zitsekerero. Chofiira chinali amayi, chobiriwira alamu. Ndinaona kuti anthu oyenda mbali imodzi sakumana, mpaka wotsogola atafika kumapeto n'kubwerera. Ndiye ndinaika akwati pamwamba penipeni pa mzere, amayi patsogolo pawo pang'ono, onse otsika. Pa mzere wa mabanja khumi ndi anayi, amayi akanafika kukhomo, kudikira, kutembenuka, n'kukumana ndi alamu pa ulendo wakhumi ndi chiwiri. Ine ndikanaimitsa gule pa ulendo wachisanu ndi chinayi. Ndinawerenga kakhumi, ndipo kakhumi konse chofiira sichinakhudze chobiriwira. Ndi masamu okhawo m'moyo wanga amene ndinawakhoza bwinobwino.

A Bev anavomera kudzaimba piyano, n'kubweretsa wa vayolini uja. Koma nditawaonetsa khadi ndi kuwafotokozera chifukwa, anavula magalasi.

"Wapeka gule woti anthu awiri asakumane."

"Eya."

"Gule ameneyu alipo kuti anthu akumane. Kodi amadana?"

"Amakondana kwambiri. N'chifukwa chake."

Anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira aphunzitsi a ku yunivesite. Kenako anati maulendo asanu ndi anayi amva, koma ngati ndingafune kusintha ndiwachenjeze ulendo wathunthu pasadakhale, monga mwa nthawi zonse, chifukwa wa vayolini saima mwadzidzidzi. Anawonjezera kuti adzakhala akuyang'ana mmene ndingayendetsere anthu osadziwa kanthu, popeza woitanira weniweni amadziwika pamenepo.

Amayi anafika kutatsala masiku asanu. Ku bwalo la ndege anakumbatira achemwali nthawi yaitali, alamu ataima patali akuyang'ana nsapato zawo. Ine anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Tenga chikwamachi." M'galimoto anafunsa achemwali, ine ndikuyendetsa:

"Ndiye ujayu mwati amatani?"

"Amaitanira gule, amayi."

"Kuitanira? Ngati anyamata a minibasi ku depoti?"

"Ayi, amayi, ndi luso. Azungu amamulemekeza."

"Ndiye ndinagulitsa ng'ombe za bambo ake kuti adzaitanire."

Ndinakonza zoti tiyesere gule Lachinayi. Mwa anthu makumi awiri ndi asanu ndi atatu anabwera asanu ndi mmodzi, awiri mwa iwo titamaliza kale. Amayi anabwera pa nthawi. Sanaimirire. Anakhala pa mpando, chikwama pa miyendo, n'kumvetsera zonse.

Tsiku lenilenilo

Linali Loweruka masana, m'nyengo imene phula la Perth limafewa ndi dzuwa. Ndinafika m'holo n'kupeza kuti amayi a mpingo aika matebulo a chakudya kukhomo, kumapeto kwenikweni kwa mzere wanga. Ndinawapempha kuti asunthe. Anandiuza kuti mapulagi a magetsi ali komweko, ndipo kuti mwana wa dzulo ngati ine ndisawaphunzitse ntchito. Ndinawapempha kuti asavundukule miphika mpaka gule atatha. Anati amva.

Kuimika anthu pa mzere kunanditengera theka la ola. Ndinaika akwati pamwamba, amayi pa malo awo. Mnzawo wovina naye anali Mayi Tembo, namwino wa ku Zambia wogwira ntchito ndi achemwali, amene anavomera kuvina mbali ya amuna. "Osadandaula, mwana," anandiuza, "ine nizabagwira bwino amai bako, sibazagwa." Patsogolo pa amayi panali mabanja anayi otsika. Ndinafotokoza gule m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, kenako m'Chichewanso. Ulendo uliwonse unkayamba ndi kugwira mlendo amene wakumana naye, dzanja m'chiuno, n'kuzungulira naye. Ndipo ndinanena katatu, pang'onopang'ono ngati ndikuyankhula ndi ana a sukulu ya mkaka: "Mukafika kumapeto, musachoke. Dikirani ulendo umodzi, mutembenuke, mubwerere." Onse anagwedeza mitu.

Piyano inayamba. Ndikuuze, Takondwa, maulendo awiri oyamba anali okongola. Anthu athu ali ndi nyimbo m'thupi, ndipo atangogwira zitatuzitatu zija mzere wonse unayamba kuweyuka ngati chimanga pa mphepo. Zitenje, masuti, diresi loyera la amayi ako. Ndinkanena mawu atatu, holo yonse n'kutembenuka. Ndinaona amayi akuzungulira ndi mnyamata wina wa kwaya, nkhope ili gwa ngati ali pa mzere wa kubanki, koma mapazi ali pa nyimbo ndendende.

Kenako mkulu wina wa mpingo, pafupi ndi nsanja, anayamba kutembenukira kolakwika. Ulendo uliwonse ankapita kumene kulibe munthu, n'kukoka ena atatu. Maso anga onse anapita pa iye. Ndinkamuitanira yekha, kumuloza ndi dzanja, kumutchula ndi mtundu wa tayi yake. Ndinakhala naye maulendo anayi. Woitanira amayenera kuyang'ana mzere wonse, ndipo a Bev anandiuzapo zimenezo kambirimbiri. Pamenepo ndiye ndinalakwa ine, ndipo ndikuvomera.

Nditakweza maso tinali pakati pa ulendo wachisanu ndi chiwiri, ndipo mzere unali utafupika. Miphika inali yovundukula. Banja loyamba litafika kukhomo linaona kuti palibe wovina naye, linamva fungo la nkhuku, n'kuganiza kuti lamaliza. Lachiwiri linaona loyamba lili ndi mbale. Mabanja onse anayi amene anali patsogolo pa amayi anali ataima pa tebulo, akutafuna, akugwedeza mitu motsatira nyimbo yanga. Mmodzi anandikwezera mwendo wa nkhuku ngati moni.

Munthu mmodzi yekha m'holo monse ndi amene anamvera malangizo anga. Amayi anafika kumapeto msanga chifukwa mzere unali utadyedwa. Mayi Tembo anawakokera ku chakudya, iwo anakana. Anadikira ulendo umodzi, anatembenuka, n'kuyamba kubwerera. Mayi amene sanandimverepo kanthu zaka zisanu anasankha tsiku limenelo kuti andimvere mawu ndi mawu. Pamene ndinawaona anali akumaliza kuvina ndi banja limene linali kutsogolo kwa akwati. Lotsatira linali la alamu.

Alamu anali ataona kale. Thukuta linali litadutsa jekete. Ankavina akuyang'ana pansi, kenako kwa ine, kenako pansi. Achemwali ankamwetulira anthu, osadziwa kanthu. Ndinakwezera a Bev chibakera, chizindikiro chathu choti timalize. Anandiyang'ana, anayang'ana khutu lakufa la wa vayolini, n'kupukusa mutu. Ulendo wathunthu pasadakhale. Ndikanatha kukuwa pa maiki kuti imani. Koma taganiza: nyimbo yaduka, holo yati zii, amayi ndi mkamwini wawo aima maso ndi maso, dzanja lili m'mwamba, anthu onse akufunsa chachitika n'chiyani. Ndikanatha kungosiya, n'kunena kuti kuno ndi ku Perth, zakwathu zinatsala kwathu. Alamu akanagwira, amayi akanalola kuti asachititse mwana wawo manyazi, kenako akanakwera ndege zitatu zobwerera atanyamula chinthu chimenecho, ndipo akanadziwa amene anawakonzera. Nyimbo inali itatsala kagawo kamodzi. Pa woltsi kagawo kameneko ndi masitepe khumi ndi awiri. Ndinawerenga atatu oyamba ndili pa nsanja.

Zotsalazo unaziona pa vidiyo. Maiki sindinaiponye, inagwa yokha, ngakhale amayi ako amanena zina. Ndinadumpha, ndinadutsa mkulu wa tayi uja, ndinafika pa alamu n'kuwakankha ndi phewa. "Alamu, kamweni madzi." Sanafunse kawiri. Sindinaonepo munthu wophunzira akuthamanga choncho. Achemwali anati, "Iwe, wapenga?" Ulendo wachisanu ndi chitatu unayamba, ndipo amayi atatembenuka kuti akumane ndi mlendo wawo anapeza ine.

Anaima kanthawi kochepa. Kenako anaika dzanja pa phewa langa, ine langa m'chiuno mwawo, n'kuyamba kuzungulira. Anali opepuka kuposa mmene ndinkaganizira. Chiyambire pamene ndinachoka ku Dedza ndinali ndisanawakhudze. Kumbuyo kwathu gule anali akufa. Popanda woitanira, anthu anayenda masitepe asanu ndi limodzi n'kuyamba kugundana. Ena anaima, ena anayamba kuvina zawo za ku ukwati wa kwathu, mkulu wa tayi anapezeka ali yekha pakona. A Bev anapitiriza kuimba, milomo ili yothina, chifukwa iwo sachoka pa ntchito ngakhale denga ligwe. Ife awiri tinangopitiriza kuzungulira pakati pa chipwirikiticho.

"Unati tikafika kumapeto tidikire, tibwerere," anatero amayi, akuyang'ana kumbali.

"Ndinatero."

"Ndadikira. Ndabwerera. Walakwa ndani?"

"Aja ali ku nkhukuwo."

"Unawerengera anthu ngati alibe mimba." Tinazungulira kamodzi. "Akamwini athawira kuti?"

"Akumwa madzi."

"Achita bwino. Ndi munthu waulemu." Tinazunguliranso. Kenako anati, "Yamikani, ukundiponda."

Zaka ziwiri zotsiriza

A Bev anandipeza panja akulongedza mabuku awo a nyimbo m'galimoto.

"Lamulo lachiwiri," anatero.

"Ndikulidziwa."

"Gule anali wabwino. Ndi wabwino kuposa onse amene unapeka. Koma unasiya anthu makumi awiri opanda mawu chifukwa cha anthu awiri."

"Mukanaima pamene ndinakweza dzanja."

"Ukanayang'ana kumapeto kwa mzere."

Tonse tinali ndi mfundo, ndipo palibe anapepesa. Gule wa mwezi ndi mwezi anapita kwa Graham. Ndinakhalabe zaka ziwiri pa gawo langa la pambuyo pa tiyi, pansi pa munthu amene ankawerenga makadi anga ngati akulembera wodwala mankhwala, n'kumandipempha kuti ndizimwetulira. Loweruka lina anandiuza kuti woltsi ikuchedwetsa pulogalamu, aichepetse ikhale kamodzi pa miyezi itatu. Ndinatenga bokosi langa la nsapato n'kukakwera sitima. Ndi kachiwiri m'moyo wanga kutuluka m'chipinda zinthu zisanathe, ndipo ulendo uno ndinkadziwa kumene ndikupita.

Bokosilo lili pamwamba pa kabati yanga, ndipo lidzakhala lako. Khadi la ukwati ndi lachitatu kuchokera kutsogolo, lili ndi dontho la mafuta a nkhuku limene sindikudziwa linafikapo bwanji. Guleyo sanavinidwepo mpaka kumapeto. Ukadzafuna kumuyesa, uike chakudya panja.

Bambo ako mpaka lero amandithirira chakumwa ndisanapemphe. Amayi ako amanenabe kuti ndinawononga ukwati wawo. Agogo ako amandiimbira foni Lamlungu, pa foni yanga osati ya achemwali, ndipo amayamba ndi dzina langa, kenako amafunsa kuti ndibwerera liti ku sukulu. Ndimawauza kuti sindibwerera. Amati tidzakambirana sabata yamawa.

Ndiye akadzakuonetsanso vidiyo ija, usaime pamene onse amasekera. Aliyense amaimitsa pa kukankha paja n'kubwezera m'mbuyo kuti aonenso. Iwe udzaisiye ipitirire. Wojambula anatembenukira kwa mkulu wa tayi, kenako ku keke, kenako anatipeza ife pakati. Mawu samveka, vayolini yaphimba zonse. Udzayang'ane pakamwa pa agogo ako.